Kanema wa a Gerishon pa Lisungwi

A Gerishon Chimwaza ankakonza mawailesi pa Lisungwi, m'kachipinda ka kuseri kwa golosale ya akazi awo, a Esnart. Anali munthu wosagona ndi funso. Chinthu chikamalira kapena kuyaka, iwo mtima sunkakhala pansi mpaka atachitsegula n'kuona za m'kati.

Mu 1999, anthu atayamba kuzolowera za zipani zambiri, kunamveka kuti Malawi nayenso watsegula wailesi ya kanema. A Gerishon anagulitsa mbuzi zawo, nakagula TV yakale ku Limbe. Anailumikiza ku batire ya galimoto, eriyo n'kuikweza pansungwi. Pagalasi panangoti waa, ngati matalala. Anaonjezera nsungwi ina, koma ayi ndithu. Ndiye anamangirira zonse panjinga, ulendo wa kuzitunda za ku Matandani, akuima apa ndi apo kuyesa. Pachitunda china panatulukira chimbuuzi cha bambo wa tayi akuyankhula, kenaka anasungunuka.

"Mwamuona munthuyo, basi pumulani," anatero a Esnart atamva.

"Kumuona ndamuona. Koma walowamo bwanji?"

Funso limenelo linawafikitsa ku Blantyre. Mlamu wawo Herbert ankayendetsa galimoto ya atolankhani a kanemayo, ndipo anawapemphera chilolezo choti akaone nawo. Anawalowetsa m'chipinda chozizira cha magetsi owala ngati dzuwa la Okutobala, momwe munthu wina ankalankhula ndi kamera ngati akucheza ndi mnzake. A Gerishon anafunsa mafunso mpaka Herbert anachita kuwakoka malaya. Chinawadabwitsa kwambiri n'chakuti zambiri zimene anthu amaonera zimayamba zajambulidwa patepi, kenaka n'kudzaulutsidwa.

"Ndiye kuti nkhani yagona patepi, eti?" anafunsa ali panja.

"Tepi pamodzi ndi nsanja youlutsira, alamu," anayankha Herbert.

"Nsanjayo isiyeni. Kwathu anthu ali ndi miyendo, azibwera okha."

Kamera yakale ndi deki yoonetsera matepi anazipeza kwa munthu wina wochokera ku Joni, posinthana ndi njinga yawo. Anamanga chisakasa pambali pa golosale, pakhomo n'kulemba ndi penti kuti Kanema wa Lisungwi. M'kati mwa sabata ankayenda wapansi, kamera ili paphewa, kujambula mpira, maukwati ndi msika. Misonkhano ya ndale ankajambula ya mbali zonse, kuopa kuwaotchera chisakasa. Lachisanu a Esnart ankakhala patsogolo pa chitenje chopachika kukhoma n'kuwerenga nkhani: mtengo wa manachesi, mbuzi zosowa, kumene kwagwa zovuta. Poyamba anakana, ati iwo si munthu woonetsedwa, koma atazolowera ankachita kudzola mafuta Lachisanu lisanafike. Makina odulira tepi panalibe, choncho wogula akagogoda ali pakati pa nkhani, zonse zinkalowa momwemo. Anthu ankangoona owerenga nkhani atatembenuka n'kukuwa kuti, "Palafini watha, mubwere mawa!"

Loweruka masana chisakasa chinkadzaza. Mkulu wina wogulitsa nsomba anadziona akudutsa pamsika, nakanitsitsa. "Ameneyo si ine. Ine sindiyenda chonchi!" Anthu anafa nalo phwete. Mbiri inafika kutali, moti kwaya ina ya ku Chifunga inachita kubwera yonse kudzajambulidwa.

Vuto linali matepi. Anali ochepa, ndiye a Gerishon ankajambula za sabata ino pamwamba pa za sabata zapitazo, osaganizapo kanthu.

Patapita miyezi, kunabwera mayi wina atavala zakuda, ana awiri ali pambuyo. Anati dzina lawo ndi a Tiyamike, a ku Chifunga. Amuna awo ankaimba besi mukwaya ija, ndipo anali atamwalira nthawi ya dzinja.

"Kunyumba kulibe ngakhale chithunzi chawo," anatero. "Wamng'onoyu akuyamba kuwaiwala nkhope. Ndati mwina muwaonetseko."

 A Gerishon ankadziwa kuti patepi ya kwaya anajambulapo mpira.  Anawapatsa mpando, nayamba kuyendetsa matepi imodziimodzi. Kumapeto kwa tepi ina, mpira utangotha, chithunzi chinanjenjemera, kwaya n'kutulukira ikumaliza nyimbo. Kanali kachidutswa kakafupi zedi. Kumzere wakumbuyo bambo wamtali anapukuta nkhope ndi mpango, naseka ndi mnzake.

"Ababa!" anafuula mwana wamkuluyo.

Anabwezera kachidutswako mpaka batire inafooka. Pochoka, a Gerishon anawapatsa a Tiyamike tepiyo.

Kuchokera tsiku limenelo anakana kufufutanso tepi iliyonse. A Esnart anawachenjeza kuti kanema atha, popeza matepi atsopano ankachita kukagula ku Limbe. Iwo anati athe. Anayamba kujambula mwa apo ndi apo, ndipo chaka chotsatira asanakolole, nkhani za Lachisanu zinali zitalekeka. Anabwerera ku mawailesi awo, matepi ali m'katoni pansi pa tebulo.

A Tiyamike kwawo kunalibe deki. Akabwera kumsika wa Lisungwi ankadzera kugolosale, tepi ataikulunga m'kansalu. A Gerishon ankasiya chimene akugwira, n'kukalumikiza batire.