Bwato la Ada ndi Nsapato Zothina

Bwato likanyowa padzuwa la Okutobala limatulutsa fungo lakelake, la usipa wakale losakanikirana ndi phula. Ndikamva fungo limenelo ndimabwerera kwathu ku Chintheche, m'chilimwe cha chaka chomwe ndinali mu Sitandade 4.

Ada, bambo anga, anali ku Joni. Bwato lawo analisiya pamchenga, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Bwato losema likakhalitsa pamtunda limauma n'kung'aluka, choncho Ama anandipatsa ntchito. "Wezi, uzilimwetsa madzi usanapite kusukulu," anatero. M'mawa uliwonse ndinkatunga madzi kunyanja, kulithira kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kuliphimba ndi masamba a nthochi. Ndikapeza kamng'alu ndinkaitana Ama. Ankasiya chinangwa chawo pathandala n'kudzamatapo ndi kansanza ndi phula, manja akununkha chinangwa choviika.

Ndinali mwana wamanyazi. Ada akaimba foni ndinkangoti, "Ndili bwino," n'kuibweza kwa Ama. Ndiye ndinkadalira bwato kuti lidzandiyankhulira. Akadzalipeza losang'aluka adzadziwa kuti ndinkawadikira, ndipo sadzapitanso.

Chilimwe chimenecho foni inayamba kukhala chete. Ama ankaitchajitsa pagolosale ya Che Saidi, wogula nsomba wochokera kumwera, n'kuimanga pansonga ya chitenje. Lamlungu likadutsa osalira, ankaimba okha n'kuwafotokozera Ada zonse: denga lofunika udzu mvula isanagwe, dzino langa loguluka, mlongo wa Ada wodwala. Ada ankayankha mwachidule kuti ali pantchito.

"Amake Wezi, bwatoli langogona ngati ng'ona yokhuta," Che Saidi ankatero akamadutsa. "Ndigulitseni likaone madzi."

"Eni ake akubwera," Ama ankayankha osadzutsa mutu.

Ada anabweradi, mitambo itayamba kusonkhana koma mvula isanagwe. Anatsika minibasi atanenepa, akununkhira sopo wachilendo. Anandibweretsera nsapato zakuda zonyezimira. Nditalowetsa phazi, zala zinapindika. Anagulira mwana amene anamusiya, osati amene anamupeza. Ama anaona, koma ndinawapempha ndi maso kuti asanene. Lamlungu ndinayenda nazo mpaka kutchalitchi ku Bandawe, kumbuyo kwa Ada, ndikumwetulira akacheuka. Pobwerera zidendene zinali zitasupuka. Ama anazitsuka ndi madzi amchere kuseri kwa khitchini.

Mawa lake ndinalimba mtima, ndinawagwira Ada dzanja n'kuwakokera kumango. Ndinachotsa masamba a nthochi limodzilimodzi. Analigogoda ndi chala, nawerama kuona zigamba za Ama.

"Likadali lolimba chonchi? Ine ndimayesa linawola kalekale," anatero. "Ndiye Che Saidi sakana."

Sanafunse amene ankalithirira. Tsiku lomwelo anyamata a Che Saidi analikokera kunyanja, likusiya mzere pamchenga. Patapita masabata ochepa Ada anakweranso minibasi, ndipo sanabwerenso kudzakhala nafe.

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Pamene pankakhala bwato panatsala malo okumbika, akuda ndi chinyezi. Kwa masiku angapo ndinkafikabe ndi ndowa pamutu n'kungoima. Ama ankanditula ndowayo, kuthira madziwo patsinde la mango, kenako n'kugwada kuona ngati zidendene zanga zikupola.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ndinalisamala mopitirira. Ndikanalisiya ling'aluke, palibe akanaligula, ndipo Ada akanatsala kuti alikonze. Lero ndikudziwa kuti bwato silikanamugwira munthu amene sankadziwa kuti phazi la mwana wake lakula. Ama ankadziwa. Mpaka pano ndikafika kwathu, ndisanakhale n'komwe pamphasa, amayamba ayang'ana kumapazi kwanga.