Fosholo ya amalume

Chaka chimene boma linayamba kumanga nyumba yochiriramo amayi pa chipatala chathu chaching'ono, ine ndinalandira wezulo, vesiti yachikasu, ndi matemberero a theka la mudzi. Zonsezi zinabwera mlungu umodzi.

Ntchitoyo sindinaifune. Ndinapita kukalembetsa yotunga madzi monga amayi anzanga, koma injiniya wa kampani yomangayo, bambo wina wamfupi amene kutentha kwa kunyanja kuno kunkamuzunza tsiku ndi tsiku, atamva kuti ndinalemba Fomu 4 ndiponso kuti pakamwa sindichedwa, anati ndikhale woyang'anira chitetezo. Anandiphunzitsa masiku atatu pansi pa mtengo wa mango. Malamulo ake sanali ambiri. Munthu asalowe pamalopo wopanda helemeti ndi jombo. Asakwere pa thabwa losakhomedwa. Dzenje likapitirira m'chiuno, munthu asalowemo mpaka m'mbali mwake atatchingamo ndi matabwa, chifukwa dothi la kwathu kuno ndi mchenga wokhawokha. Wokana kumvera ndimulizire wezulo, avule helemeti, azipita kwawo.

"Ngakhale atakhala bambo anu okubalani," anatero injiniyayo.

Ndinavomera mosavuta, pakuti bambo anga anamwalira ndili wamng'ono. Za amalume sindinaganize n'komwe.

Masabata oyambirira ndinavutika ndi zinthu zoseketsa. Kwathu kuno chinthu chatsopano sichivalidwa pa matope, chimasungidwa. Anthu analandira jombo zonyezimira, n'kukaziika pansi pa bedi, m'mawa n'kubwera atavala mapatapata. Ena ankazisungira kumunda wa mpunga. Mayi wina ndinamupeza akuchokera kumsika wa ku Khombedza, helemeti yake itadzaza tomato, ndipo atandiona anangoti, "Nanga si yolimba, mayi, tomato saphwanyika." Ndinayamba kuima pachipata m'mawa uliwonse, kuyang'ana munthu kumutu ndi kumapazi asanadutse. Ananditcha "apolisi a jombo". Zoona zake, dzinalo linkandikomera. Ndinali ndisanakhalepo ndi mawu omveka pagulu la amuna, ndipo wezulo ija ndinkailiza mwina kuposa pofunikira.

Mvula itayamba, chilumba cha Mbenji chinatsekedwa monga chimachitira chaka ndi chaka kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi anabwerera kumtunda manja lende. Mmodzi wa iwo anali amalume anga, mlongo wawo wa amayi. Ndiwo anandilera. Yunifolomu yanga ya kusekondale inachokera mu utaka wawo, ndipo pabanja pathu palibe chimene chinkamangidwa iwo asanalankhule. Pakhomo pawo panali anthu ambiri oyang'ana m'manja mwawo, ndipo miyezi imeneyo ndi ija nkhokwe zimalira mphepo. Atamva kuti pachipatala pakufunika okumba dzenje lalikulu la zimbudzi, anabwera ndi fosholo yawoyawo, ya mpini wa mtengo umene anasema okha, ndipo analembedwa.

Helemeti anailandira bwino, ati imatchinga dzuwa. Jombo anazitembenuza uku ndi uku, n'kuziika pansi.

"Msodzi wovala zimenezi ndi maliro oyenda," anatero. "Zikamwa madzi zimakukokera pansi ngati mwala."

"Kuno si panyanja, amalume."

"Mapazi angawa sadziwa zimenezo."

Apa ndiye pamene ndinalakwa, ndipo ndikunena poyera. Ndinayang'ana kumbali. Masiku awiri athunthu amalume anakumba opanda nsapato ine ndikudutsa pomwepo ngati wakhungu. Anthu si ana, anaona. Tsiku lachitatu ndinamva wina akuuza mnzake mokweza dala, "Wezulo iyi ili ndi abale." Madzulo ake ndinawerenga amuna anayi amene anavula jombo n'kuzikoleka pa mpanda. Ndinachita manyazi moti sindinawalankhule.

Lachinayi lina dzenje linafika pachifuwa. Matabwa otchingira anali asanafike, chifukwa lole inatitimira m'matope cha ku Khombedza. Injiniya anali atapita kuboma kukaonana ndi akuluakulu. Kapitawo, amene ankaopa kukalipiridwa kuti ntchito ikuchedwa, anauza anthu kuti azikumbabe, mchenga ndi wonyowa ndiye wagwirana. Kunena zoona makoma a dzenjelo ankaoneka osalala, olimba ngati opakidwa simenti. Koma nditayandikira ndinaona mng'alu woonda ukuyenda m'mphepete, pafupi ndi mulu wa mchenga umene ankaponyera pamwamba. M'dzenjemo munali amuna asanu, ndipo amene anali pakona pansi pa mng'aluwo anali amalume.

Ndinaliza wezulo. Anayi enawo anatuluka akung'ung'udza. Amalume sanadzutse n'komwe mutu, anangopitiriza kuponya mchenga.

"Amalume, tulukani."

"Iwe mwana, ndakumba zitsime iwe usanabadwe."

"Ndapota nanu, tulukani. Matabwa akabwera mulowanso."

"Tsiku la munthu analemba ndi Allah. Likakwana lakwana, thabwa silingaletse."

Anthu onse anasiya ntchito. Amayi otunga madzi anaima ndi ndowa pamutu. Ndinadziwa kuti ndikangobwerera m'mbuyo, amuna anayi aja alumphiramonso, ndipo wezulo yanga ikhala chidole cha ana. Ndinadziwanso kuti ndikapitiriza, ndichotsa chakudya pakamwa pa nyumba imene inandidyetsa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinalizanso kachiwiri, motalika, kenaka ndinanena mawu amene ndinali nditauza anthu ena asanu ndi awiri m'mbuyomo popanda kunjenjemera:

"Bambo, vulani helemeti. Ntchito yanu yathera pano."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anazika fosholo yawo mu mchenga, inaima chilili pakona paja, ndipo anakwera makwerero pang'onopang'ono. Helemeti anaiika pamapazi anga bwinobwino, osaiponya, n'kumapita osacheuka. Kukanakhala bwino akanandilalatira.

Nkhani inandipitirira kukafika kunyumba. Amayi ndinawapeza atakhala pakhonde atagwira tsaya. "Ndiye wachotsa ntchito mwini mbumba?" anafunsa. "Mawa ukakhala ndi mlandu adzakuyankhulira ndani, wezuloyo?" Ndinavula vesiti, ndinamanga chitenje, n'kupita kwa amalume dzuwa likadalipo. Ndinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo. Ndinagwada chapatali.

"Sindinabwere kudzapepesa za dzenje," ndinatero, "koma za pagulu. Pamenepo pokha ndiye mundikhululukire."

Singano inangopitiriza kuyenda.

"Amalume, ku Mbenji mumamwa mowa?"

"Umadziwa kuti ine sindimwa."

"Nanga anzanu amene amamwa, kumeneko amamwa? Munthu angapite ndi mkazi wake? Chilumba akatseka, alipo amene amati tsiku langa analemba ndi Allah, ndikaponyabe ukonde?"

"Amamuthamangitsa," anatero. "Ngakhale akhale mwana wa ndani."

"Ndipo mwera ukamawomba, boti mumalikokera kumtunda. Simunena kuti likakwana lakwana."

Analeka kusoka, n'kuyang'ana kumwamba kumene mitambo inali itayamba kuda. Ndinayembekezera mawu, abwino kaya oipa. Iwo anangoti, "Pita, mvula ingakupeze."

Inagwadi mvula, yamphamvu, mpaka m'mawa. Nditafika pachipatala ndinapeza anthu ataunjikana pa dzenje, ali zii. Khoma lonse la mbali ya mng'alu lija linali litagumukira m'kati pamodzi ndi mulu wa mchenga. Pakona paja panali posalala ngati palibe amene anakumbapo. Fosholo sinkaoneka, ngakhale nsonga ya mpini. Ndinakhala pa mulu wa njerwa. Kapitawo ankangoyendayenda akupukusa mutu, osandiyang'ana m'maso.

Posakhalitsa amalume anatulukira, atavala mkanjo woyera chifukwa linali Lachisanu, tsiku la kumzikiti. Anabwera kudzatenga fosholo yawo. Anthu anawapatsa njira. Anaima m'mphepete, anayang'ana pakona paja, anayang'ananso, kenaka ananong'ona, "Alihamudulila." Wina anati mwina khomalo likanagumuka usiku womwewo ngakhale anthu akanapitiriza kukumba dzulo lake, ndiye palibe chikanachitika. Amalume anamuyankha osatembenuka: "Ndiye iweyo ukagone m'menemo, ukatiuze nthawi yake." Anthu anaseka, kuseka kwa anthu amene apulumuka.

Kenaka anatembenukira kwa ine pamaso pa onse. "Jombo zija zilipo?"

Ndinati zilipo, koma zowabwezera ntchito si zanga, n'za injiniya. Anati adikira. Anadikiradi, atakhala pa thabwa ndi mkanjo wawo woyera mpaka galimoto ya injiniya inafika. Bamboyo ataona dzenje ndi kumva nkhani yonse, anavula chipewa chake n'kudzipukuta thukuta. Anawabwezera ntchito kuyambira Lolemba. Ineyo anandidzudzula chifukwa cha masiku aja a mapazi opanda nsapato, ndipo sindinatsutse. Analamula kuti dzenje logumukalo likwiriridwe, latsopano likumbidwe chapatali pang'ono, matabwa ali m'mbali kuyambira pachiyambi.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inapepuka kwambiri, mpaka ndinkasowa woti ndimulizire. Amalume ankafika m'mawa akuyenda ngati bakha m'jombo zawo, akudandaula kuti zikuwawotcha, koma osazivula. Mnyamata kaya mkulu akafika ndi mapatapata, ndiwo ankayamba kumubweza ine ndisanatsegule pakamwa. "Pano ndi pachilumba pa mwana uyu," ankatero. "Ukafuna malamulo ako ukamange chipatala chako." Chilumba chitatsegulidwa anabwerera ku utaka wawo, jombo anasiyira akazi awo kuti azivala kumunda. Nyumba ija tinaimaliza bwino. Kuvulala kwakukulu kumene ndinaona mpaka tsiku lopereka makiyi kunali chala cha kalipentala amene anadzimenya yekha ndi hamala. Ndikamadutsa pamenepo lero, n'kuona matewera atayanikidwa pa chingwe kuseri, mtima wanga umakhala m'malo.

Chaka chatha mwana wamkazi wotsiriza wa amalume anakachirira m'nyumba yomweyo. Ine ndinali mmodzi wa omudikirira. Mwana atabadwa, wamwamuna, ndinatuluka kukauza amalume. Sindinawapeze pa benchi pamene amuna amakhala. Anali kuseri, pamalo a dzenje lakale lija, pamene tsopano pamera kapinga ndi mtengo wa papaya. Tsitsi lawo layera tsopano, ndipo mapazi anali opanda nsapato monga kale.

Nditawauza, anathokoza Mulungu. Kenaka anagunda pansi ndi chidendene kawiri.

"Fosholo yanga ili apa," anatero. "Mpini wake unali wabwino."

"Ndidzakugulirani ina, amalume."

"Ayi, ikhale momwemo. Inalowa m'malo mwanga." Anapukuta m'maso ndi dzanja la mkanjo. "Mdzukuluyu akanangomva kwa anthu kuti kunali agogo ake ouma mutu. Tiye undionetse, andione yekha."