Lipoti la Abambo pa Filimu ya Matchaina

Chaka chomwe amuna anga anatsegula vidiyo sho pa Nsaru, mwana wathu woyamba anakanizidwa ubatizo. Akuluampingo anati sangabatize mwana wa munthu amene akuphunzitsa achinyamata zibakera. Ine ndinapsa mtima kwambiri, pakuti ena mwa akuluakuluwo ana awo ndiwo ankadzaza benchi yakutsogolo. Abusa, pofuna kuti mlandu usaweruzidwe ndi mphekesera, anatuma mkulu mmodzi kuti akaonere yekha filimu, adzafotokoze ku seshoni. Amene anasankhidwa anali abambo anga.

Sindinakondwere nazo. Abambo anali munthu woti ngakhale wailesi ankaitseka ikayamba nyimbo zovina. Komanso mkamwini wawoyu sankamuwerengera kwenikweni, ankati mwamuna wopanda chigafa cha fodya ndi mlendo pamudzi.

Anafika masana panjinga, atavala jekete la ku tchalitchi ndi chipewa. Amuna anga anabalalitsa ana onse, n'kusankha tepi yomwe ankaiona ngati yofatsa, ya matchaina, yakalekale, yoti ngakhale dzina lake linali litafufutika. Inali ya mnyamata amene mphunzitsi wake wa karate anaphedwa ndi mkulu wina wandevu zoyera, iye n'kuthawira kuphiri kukaphunzira ndewu kuti adzabwezere. Masiku onse amuna anga ankamasulira filimu mokuwa, uku akuponya mateche m'malere. Tsiku limenelo ananjuta pambali pa apongozi awo, n'kumanong'ona ngati akupepesa maliro. Ine ndinakhala kumbuyo, mwana ali pamsana.

Munthu woyamba atagwa n'kufa, abambo anavula chipewa. Anadikira pang'ono, n'kuchivalanso. Posakhalitsa anafa wachiwiri, iwo n'kuvulanso. Pofika pa ndewu ya pamsika, pomwe anthu ankagwa ngati mango, dzanja linatopa, chipewa anangochiika pabondo.

Zibakera sanazidandaule n'komwe. Chinawavuta ndi mtembo wa mphunzitsi uja. Anauza mkamwini wawo kuti aimitse tepi, n'kufunsa kuti uthenga wa maliro watumizidwa kwa ndani. Amuna anga anayankha kuti zimenezo sanazionetse. Anafunsanso kuti nanga adzukulu okumba manda ali kuti, amayi ogona pasiwa ali kuti, ndipo mnyamatayo akupita bwanji kuphiri thupi lisanaikidwe. Amuna anga, thukuta lili kamukamu, anati mwina anaika usiku. Abambo anangoti hmm, ndipo ine ndinadziwa kuti ubatizo wapita.

Kumapeto mnyamata uja anamupha wandevu zoyera, n'kuima yekha pabwalo, zilembo za Chitchaina n'kuyamba kukwera pa TV. Abambo anakhalabe pabenchi kudikira kuti wina abwere kudzamutenga mnyamatayo. Atauzidwa kuti yatha, anakwera njinga osatsanzika.

Ku seshoni amayi ngati ine sitinkalowa ngati sitinaitanidwe, koma mawindo a tchalitchi chathu analibe magalasi, ndipo ine ndinali ndi ntchito yosesa panja yomwe sinkatha. Abambo anaimirira n'kunena kuti ndewu za m'filimumo ndi zabodza, munthu sangalumphe denga la nyumba atangodya mpunga ndi timitengo. Anati mnyamatayo ndi waulesi, nyengo yonse ya dzinja anaithera kutunga madzi okwera nawo phiri pomwe kumunda kulibe aliyense. Abambo anamudzudzulanso wandevu zoyera uja kuti pa msinkhu wakewo amayenera kukhala woweruza milandu, osati kumenyana ndi ana. Akuluakulu ena anayamba kuseka, koma abambo nkhope inali gwa.

"Koma achinyamata athu asiyeni aonere," anatero. "Akaone mudzi wopanda adzukulu. Anthu afa tsiku lonse, palibe ndi mmodzi yemwe wovula chipewa. Ine ndawamvera chisoni."

Mkulu wina anafunsa kuti nanga za mwana zikhala bwanji, popeza bambo wake ndiye mwini malo a zibakerawo. Tsache linaima m'manja mwanga. Ndinali ndi mantha, chifukwa abambo sankakondera munthu, ngakhale wa magazi awo.

"Mnyamata uja anapambana, koma anatsala yekhayekha pabwalo, wopanda womugwira dzanja," anayankha abambo. "Mdzukulu wanga musamuike pabwalo lotero. Mulembeni, akhale ndi anthu."

Lamulungu lotsatira mwana anabatizidwa, ndipo analira mpaka abusa anafupikitsa pemphero.