Bokosi Lomwa Madzi

Mkulu wa m'nyumba iyi, amene anakalambira pa ntchito yosankha fodya, ndi munthu wosathirira ngakhale duwa. Koma taonani lero! Agula bokosi losungiramo ndudu zikuluzikulu zija, ndipo akulilera ngati khanda. Aikamo kambale ka madzi a batire ya galimoto, poti a pampopi akuti amabweretsa nkhungu. Ukawafunsa, yankho n'limodzi: "Thabwa laludzu limamwa fodya."

Mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo, mawuwa sanawamvetse. Tsiku lakhumi akupukuta pabalaza, anatsegula bokosilo n'kupeza m'kati muli chinyezi. "Kalanga ine, katundu watsopano awola!" Anataya madziwo n'kukaliyanika padzuwa, lili chitsegulire.

Pamene mkuluyo ankabwera masana, chivindikiro chinali chitapindika. Anangokhala pansi, chipewa m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Mayi, mwandiphera ntchito ya masiku khumi. Thabwali limayenera kukhuta chinyezi ndisanaikemo fodya."

Mpongozi anagwada. "Pepani, bambo. Koma inu simusuta. Mumati muikemo chiyani?"

Mkuluyo anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kansalu. M'menemo munali ndudu imodzi yokha, youma, yoyamba kung'aluka.

"Iyi anandilanda malemu apongozi anu aakazi, tsiku limene dokotala anandiletsa kusuta. Ankati anaiponya m'chimbudzi. Ndaipeza mwezi watha m'chikwama chawo, itakulungidwa chonchi. Zaka khumi ndi ziwiri, mayi, akuisunga."

Mpongozi anagwira pakamwa. Kenako anadzuka, osavala ndi nsapato zomwe, n'kuthamangira ku galaja kukafuna madzi a batire.