Bokosi la Mkulu Wanga Linakhotela Kumanzele

Ndinadzuka tambala asanalile, chifukwa tambalayo tinali titamudya dzulo lake. Amayi a kumpingo anali ataimba mpaka mawu kusasa, ife amuna tikugona mozungulila chikuni panja. Kunazizila kwambili moti munthu wina atalavula, tinamva malovu akusweka pansi. Ndinalipo, sindikuwonjezela.

Womwalilayo anali mkulu wanga, woyendetsa ndege, munthu yekhayo wa kwa Mphamba amene ankaona Lundazi kuchokela pamwamba. Makolo athu atamwalila tinaleledwa ndi ankhazi, alongo a atate. Mkulu wangayo anamuphunzitsa sukulu ndi ndalama za fodya wa m'munda mwawo. Ine ndinali wolima fodyayo.

Dzuwa likutuluka, utsi wa zophika unali utakuta mudzi. Anthu anabwela pa njinga, pa ngolo, ena pa lole kuchokela ku Chikomeni. Ambili sankamudziwa, anangomva kuti m'bokosi muli munthu wa ndege. Kumwamba kunalibe mtambo ngakhale waung'ono ngati mpango.

Kenako panafika mnzake amene anali naye m'ndegemo, malaya oyela, mizele inayi paphewa. Mwa mwambo, asibweni, amalume athu, anamupempha afotokoze mmene imfa inayendela. Anati anali pamwamba kwambili, ndege ikuyenda bwino, anthu akumwa tiyi, kunja kuli mbee ngati lelo. Mkulu wanga anamasula lamba kuti apite kukadzithandiza. Mwadzidzidzi ndege inatsika ngati yaponda dzenje, iye anamenyetsa mutu kudenga, khosi n'kuthyoka. Anati kumwambako kuli mphepo yothamanga ngati mtsinje wosefukila, ikakumana ndi ina yodekha mpweya umawinduka, ndipo popeza mulibe mtambo kapena mvula, makina a ndege sauona.

"Ndiye mukuti munagunda chinthu chosaoneka?" anafunsa asibweni.

"Tinganene choncho, atate."

"Yewo chomene," anathokoza asibweni, n'kukhala pansi.

Mlendoyo anamwetulila pang'ono, poganiza kuti waphunzitsa mudzi. Sanaone kuti makosi onse atembenukila kwa ankhazi pamphasa. Kwathu ngakhale mbuzi idziwa chimene chimauluka osaoneka: mfiti pa lichelo. Ankhazi anali ndi lichelo lalikulu kuposa onse, loti banja lonse lingabisalemo pa mvula. Analinso ndi chotupa pamphumi. Iwo ankati anagunda mtanda wa chigafa cha fodya, ndipo n'zoona, ndinali pomwepo. Koma palibe anandifunsa.

Abusa atamaliza, ndinapempha ndekha kunyamula nawo bokosi. Anandiika kutsogolo, mbali ya kumanzele. Ine ndine wamfupi, anzanga asanuwo anali aatali ngati mitengo ya magetsi, ndipo bokosi la ku Lusaka limalemela ngati ng'ombe yakhuta. Njila ya kumanda ili ndi mphambano: kumanja n'kumanda, kumanzele n'kunyumba ya ankhazi. Anthu amati wakufa akakhala ndi mlandu amakoka omunyamula mpaka pakhomo pa amene anamupha.

Titafika pamphambanopo bokosi linayamba kugwedezeka, kunja kuli mbee. Katundu amatsetselekela kwa wamfupi, ndipo wamfupi amapita kumene katundu wamutuma. Ndilumbila pali mkulu wanga, sindinakankhe. Kungoti sindinakanize.

Tinakhota. Kwaya inakhota nafe osaphonya ndime. Bokosi linagunda chitseko cha ankhazi katatu, kachitatuko chitseko chinagwela m'kati. Amayi ena amene kuyambila m'mawa ankasowa misozi anaipeza nthawi yomweyo. Mlendo uja anathamanga akunena kuti inali mphepo chabe, wina anamupatsa mpando kuti apume, wina kapu ya thobwa.

Ankhazi anafika pang'onopang'ono, chitenje atamanga m'chiuno. Sanadzikanile. Anayang'ana chitseko, anayang'ana bokosi, kenako ine.

"Mwana wanga, phewa silikupweteka?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Zinafunika polishi.

Asibweni anauza ankhazi kuti kumanda asapondeko, ndipo dzuwa lisawalowele m'mudzi muno. Bokosi litamva zimenezo linapepuka ngati thumba la mankhusu. Linayenda mofatsa mpaka kumanda, n'kutsika m'dzenje popanda kugwedela. Nkhata za maluwa zinali zambili moti njuchi zinasaina m'buku la alendo. Anthu anadya, anasamba m'manja, anayamikila kuti malilo ayenda bwino. Mlendo uja anachoka osadya.

Madzulo mudzi unati zii. Ankhazi anali atapita wapansi, kathumba pamutu, kwa abale ena cha ku Lukusuzi. Ndinalowa m'nyumba mwawo mosavutikila kugogoda. Pakhoma panali chithunzi cha mkulu wanga atavala chipewa cha ndege, ndipo kuseli kwake kunali kachithunzi kanga kakang'ono, ndili ndi khasu. Sindinkadziwa kuti kalipo. Patebulo anasiya lichelo lija, muli nshawa zokazinga zothila mchele wambili. Mkulu wanga sankadya nshawa. Wozikonda choncho ndine.

Ndinakhala pa chitseko chakugwacho n'kudya zonse. Kumwamba kunadutsa ndege, ikulemba mzele woyela, wowongoka, wosagwedela ngakhale pang'ono. Phewa lija likupwetekabe.