Mabatani ndinawayala ngati bwalo la sikelo

Ine ndayeza ana ku sikelo zaka zambirimbiri, pachipatala chathu chaching'ono kufupi ndi Ludzi. Kumukoleka mwana, kuyang'ana muvi, kutonthoza mayi, imeneyo ndiyo nyimbo yanga. Manambala ndimawadziwa ngati adzukulu anga, koma mawu aatali amandithawa.

Kenaka kunabwera kompyuta. Anamwino anatiuza mwaulemu kuti aliyense wothandiza ku sikelo azilowetsamo yekha kulemera kwa ana, wolephera apume. Kupuma ine?

Mwayi wake, amene anapemphedwa kukonza nkhope ya pulogalamu yolowetsamo kulemerako, pomwe munthu amadinapo, anali mpongozi wanga, wogwira ntchito ya makompyuta pa boma. Loweruka lina anabwera ndi kompyuta kwathu, tinakhala pakhonde, mtedza uli padzuwa. Anandiuza kuti chida chokonzeracho n'chaulere. Kumanzere kwa galasi la kompyutayo kunali timabokosi ndi timabatani tili ndandanda ngati tomato pamsika. Amagwira kamodzi ndi mausi, chija choyendetsa ndi dzanja patebulo, kukakoka, kukasiya pakati, basi kakhala. Ndinafunsa ngati timatha. Anaseka, akuti ngakhale mukoke mpaka mawa, kumanzereko sikuchepa. Munda wanji wokolola osatha?

Iye anali atayala kale zake, mizeremizere ngati kalata. Ndinayesa katatu, katatu konse ndinasochera.

"Nanga mtengo wa mango uli pati?" ndinamufunsa.

Anandiyang'ana modabwa. Ndinamufotokozera kuti ku sikelo mayi amayambira pansi pa mtengo kuonetsa khadi, n'kupita pakati pomwe pali sikelo, ndipo mwana akapepuka timamulozera khomo la anamwino, kumtunda. Njira imeneyo miyendo yanga imaidziwa, siifunsa.

Kenaka mpongozi anandipatsira kompyutayo ndi manja awiri, ngati mbale.

"Yalani nokha, amayi."

Ndinagwira kabokosi kamodzi n'kuyamba kukakoka. Mausi itafika kumapeto kwa tebulo sindinafune kutaya kabokosi kanga, ndiye ndinapitiriza kuiyendetsa pantchafu, pachitenje. Mpongozi anaseka mpaka misozi, ulemu wonse kuiwala. Koma kanafika. Ka nambala ya khadi pansi kumanzere, pamtengo. Ka kulemera pakati, ndinakakulitsa kawiri. Batani lofiira pamwamba, pakhomo la anamwino. Iye anaikapo tizithunzi, napita nayo kukalumikiza zam'kati zomwe ine sindiziona.

Tsiku lotiyesa, anamwino anaima kumbuyo kwanga. Mwana woyamba anali wonenepa, wolira ngati belu la kumishoni. Ndinayambira pamtengo, ndinafika pasikelo, ndinadina. Wachitatu anali wopepuka, chala chinapita chokha pa lofiira lija. Anamwino anangondiuza kuti mwezi wamawa ndilawire, ndidzaonetseko anzanga.

Ndikuyezabe ana mpaka lero, ndikuimbabe. Koma mpongozi akabwera ndimamupempha anditsegulire kumanzere kuja, ndione ngati timabatani tachepako. Sitinachepe.