Njereza pa Mizere ya Mayi a Zeka

Nkhondo itatha tinabwerako ku Malawi komwe tinathawira, ndipo ndinamanga kanyumba ku Matema. Ndinkakanyadira ngati ndine ndinamanga mlatho wa pa Zambezi. Chaka chomwecho akazi anga, mayi a Zeka, anawachotsa bere chifukwa cha khansa, mkono wamanja n'kuuma. Enfermeira, namwino wa kuchipatala, anawauza kuti m'mawa uliwonse aziyendetsa zala pakhoma, kukweza mkonowo mpaka pamene ululu wawaletsa, kenako azinyamula botolo la mchenga.

Pamene zala zafika ankalembapo mzere ndi khala. Patatha miyezi iwiri, mizere inali itakwera kuchoka paphewa mpaka kupitirira mutu.

Tsiku lina ndinamva kuti azimayi akumpingo akubwera kudzazonda matenda. Ine, mwamuna wanzeru zakuya, ndinaona vuto lalikulu m'nyumbamo. Khansa? Ayi, khoma lakuda. Nanga anthu akanati chiyani? Mayi a Zeka atapita kuchipatala, ndinapaka njereza khoma lonse, kawiri. Botolo lija ndinalibisa kuseri kwa bafa, kuopa kunenedwa kuti ndikugwiritsa ntchito wodwala.

Atabwerako anandifunsa za mizere yawo. Ndinayankha osaphethira n'komwe: "Mizere iti? Ine sindinaione." Mizere yakuda bii, yomwe ndinavutika nayo m'mawa wonse!

Anafika pakhomapo, n'kukweza mkono pang'onopang'ono, kufunafuna pamene anafika dzulo lake. Panalibe kanthu, mbee.

"Mwachita bwino, bambo a Zeka," anatero. "Khoma lachira. Alendo akabwera azonde lomwelo."